Kuphunzitsa Achinyamata za Matupi Awo: Nkhani ya ku Nkhata Bay

Tsiku limene sitima ya Ilala imakocheza pa doko la Nkhata Bay, tauni yonse imakhala piringupiringu. Anthu ochokera ku Likoma, Chizumulu, Usisya ndi Ruarwe amatsika ndi mitolo yawo, amalonda amalimbirana usipa ndi batala, ndipo maminibasi opita ku Mzuzu sachedwa kudzaza. Munthu woyang'anitsitsa khamu limeneli amaona kuti ambiri mwa onyamula katundu, ogulitsa nthochi ndi opalasa mabwato ndi anyamata ndi atsikana amene sanakwanitse zaka 20. Izi sizodabwitsa, pakuti kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti theka la anthu onse a m'Malawi ndi ana osakwana zaka 18. Boma la Nkhata Bay pa nthawi imeneyo linali ndi anthu opitirira 280,000.

Ana amenewa akukula. Matupi awo akusintha, ndipo m'mitima mwawo muli mafunso ambiri amene amachita nawo manyazi kufunsa makolo. Funso likasowa woliyankha kunyumba, mwana amapita nalo kwa anzake kunyanja, kumsika kapena pa foni, ndipo yankho limene amalandira kumeneko nthawi zambiri limakhala labodza. Zotsatira zake zimaonekera ku sikelo ya amayi apakati, kumene anamwino amalandira atsikana amene anayenera kukhala ali m'kalasi.

KALE NDI LERO

Kulangiza ana za kukula kwawo sichinthu chachilendo ayi. Kale mtsikana akatha msinkhu, amayi achikulire a m'mudzi, azakhali ndi agogo ankamukhazika pansi ndi kumuuza za kudzisamalira, ukhondo ndi ulemu. Anyamata nawonso ankamva zambiri kwa akuluakulu pa mphala, posoka ukonde kapena posema bwato. Bambo ndi mayi womubereka mwanayo sankalankhula naye nkhani zotere, chifukwa mwambo unapereka ntchitoyi kwa anthu ena.

Masiku ano zinthu zinasintha. Banja lokhala m'tauni nthawi zambiri limakhala kutali ndi agogo ndi azakhali. Abambo ambiri a ku Nkhata Bay, monga ankachitira makolo awo kuyambira kalekale, amapita kukagwira ntchito ku South Africa, ku Tanzania ndi kwina, ndipo ana amatsala ndi mayi okha kapena agogo okalamba. Ana ena a sekondale amachita lendi tizipinda pafupi ndi sukulu, n'kumadziphikira okha popanda wowayang'anira. Chotero alangizi akale anachepa, koma manyazi a makolo sanathe. Pakati pamenepa ndi pamene mwana amatayikira.

KUKULA KWA VUTOLI

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa m'zaka za 2015 ndi 2016 anapeza kuti atsikana 29 mwa atsikana 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena anali ndi pakati. Mu 2010 chiwerengerochi chinali 26. Kumidzi vutoli linali lalikulu kuposa m'mizinda: atsikana 31 mwa 100 kumidzi, ndi 21 mwa 100 m'mizinda. Kafukufuku yemweyo anapezanso kuti amayi 42 mwa 100 a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanakwanitse zaka 18, ndiponso kuti mwa achinyamata a zaka 15 mpaka 24, osakwana theka ndiwo ankadziwa bwinobwino za m'mene kachirombo ka HIV kamafalikira ndi m'mene kangapewedwere.

Chaka cha 2020 chinaphunzitsa dziko lino phunziro lowawa. Sukulu zitatsekedwa mwezi wa Marichi kaamba ka mliri wa Covid-19, ana anakhala pakhomo miyezi yoposa isanu. Boma litafufuza linapeza kuti atsikana pafupifupi 40,000 anatenga pakati ndipo ana pafupifupi 13,000 analowa m'banja. Apa zinaoneka poyera kuti sukulu imateteza mwana, ndi kuti mwana wongokhala, wopanda womulangiza, ali pangozi.

ZIMENE ZIMACHITIKA M'THUPI

Mwana aliyense ayenera kuuzidwa za kusintha kwa thupi lake kusinthako kusanafike. Mtsikana amayamba kusintha ali ndi zaka za pakati pa 8 ndi 13. Mawere amamera, chiuno chimakula, tsitsi limamera m'khwapa ndi kumalo obisika, ndipo patapita nthawi amayamba kusamba, kumene ena amati kupita kumwezi. Mnyamata amachedwerapo pang'ono, pakati pa zaka 9 ndi 14. Mawu ake amakula, ndevu zimayamba kuoneka, ndipo nthawi zina amatulutsa umuna ali m'tulo. Zonsezi si matenda, si ufiti, ndiponso si chizindikiro chakuti mwanayo ayambe kugonana. Ena amafulumira, ena amachedwa, ndipo onsewo ali bwino.

Msambo umachitika motere. Mwezi uliwonse chiberekero chimakonza m'kati mwake ngati mayi woyala mphasa kudikira mlendo. Dzira limodzi limakhwima ndi kutuluka. Likakumana ndi mbewu ya mwamuna, pakati pamakhala. Likapanda kukumana nayo, zimene chiberekero chinakonza zija zimatuluka pamodzi ndi magazi kwa masiku atatu mpaka asanu ndi awiri. Kwa amayi ambiri dzira limatuluka patatsala masiku pafupifupi 14 kuti msambo wina uyambe, ndipo mbewu ya mwamuna ikhoza kukhala yamoyo m'thupi la mkazi mpaka masiku asanu. Msambo wa mtsikana wongotha msinkhu kumene sukhala ndi tsiku lodalirika. Mwezi wina umafulumira, mwezi wina umadumpha. Ichi ndicho chifukwa chake kuwerenga masiku kwanamiza atsikana ochuluka.

Chinthu china chimene ambiri sachidziwa ndi chakuti dzira limatuluka msambo usanaoneke. Motero mtsikana angathe kutenga pakati asanaonepo msambo wake woyamba.

MAGANIZO OLAKWIKA AMENE ACHINYAMATA AMAUZANA

Azaumoyo akamacheza ndi achinyamata amamva zikhulupiriro zimene zimabwera mobwerezabwereza. Nazi zina mwa izo pamodzi ndi zoona zake:

1. "Kugonana kamodzi kokha sikupereka mimba." Ili ndi bodza. Kamodzi n'kokwanira kupereka mimba, kachirombo ka HIV kapena chindoko.

2. "Mtsikana akasamba m'nyanja, akadumphadumpha kapena akakodza atangogonana, sangatenge mimba." Mbewu ya mwamuna imalowa m'chiberekero m'kanthawi kochepa, ndipo madzi sangaifikire.

3. "Mnyamata wosagonana amadwala msana, amatuluka ziphuphu, kapena sadzabereka." Palibe munthu amene anadwalapo chifukwa chodziletsa. Ziphuphu zimabwera chifukwa cha mafuta a pakhungu amene amachuluka pa msinkhu umenewu, ndipo zimatha zokha.

4. "Munthu wonenepa ndi wooneka bwino alibe kachirombo." Munthu angathe kukhala ndi HIV zaka zambiri osaonetsa chizindikiro chilichonse. Kuyezetsa magazi kokha ndiko kumanena zoona.

5. "Switi sadyera m'pepala." Mawu awa anyamata amanyozera nawo kondomu. Koma kondomu yogwiritsidwa ntchito moyenera, nthawi iliyonse, ndiyo njira yokhayo imene imateteza ku mimba ndi ku matenda pa nthawi imodzi.

6. "Mankhwala olera amatseka mtsikana kuti asadzaberekenso." Njira zolera za kanthawi sizichititsa munthu kukhala wosabereka. Woleka jakisoni angachedwe miyezi ingapo asanatenge pakati, koma mphamvu yobereka imabwerera. Chimene chimatseka njira ya mazira kawirikawiri ndi matenda opatsirana pogonana osachiritsidwa, ndi kuchotsa mimba mobisa.

7. "Ngati umandikonda, undionetse." Chikondi chenicheni chimadikira ndipo sichikakamiza. Mtsikana ali ndi ufulu wokana, mnyamata nayenso ali ndi ufulu wokana, ndipo "ayi" sasandulika "inde" chifukwa cha mphatso.

Pali maganizo enanso ozama amene ana amatengera kwa akuluakulu osadziwa. Mnyamata wa zibwenzi zambiri anzake amamutama kuti ndi mwamuna weniweni, pamene mtsikana wopezeka ndi kondomu amatchedwa woyendayenda. Mtsikana wopempha malangizo a kulera amaopa kuti nkhani ifika kwa makolo ake dzuwa lisanalowe. Mantha amenewa ndi amene amachititsa achinyamata ambiri kukhala chete mpaka madzi atafika m'khosi.

ZOKOPA ZA M'MBALI MWA NYANJA

Nkhata Bay ndi malo odalitsika. Kuli nsomba, chinangwa cha kondowole, tiyi wa ku Kawalazi, mphira wa ku Vizara, ndiponso alendo ochokera kunja amene amabwera kudzaona kukongola kwa nyanja. Koma pamene ndalama zimayenda m'manja tsiku ndi tsiku, ana osauka amakopeka msanga.

Usipa ukagwidwa wambiri, mnyamata wa zaka 15 wothandiza pa bwato amapeza ndalama zimene mphunzitsi wake sazigwira pa tsiku limodzi. Sukulu imayamba kuoneka ngati kutaya nthawi, ndipo ndalama zija zimathera ku mowa ndi zibwenzi. Asodzi amasamuka kutsata nsomba, kuchoka pa doko lina kupita pa lina, ndipo matenda amayenda nawo. M'madoko ambiri a nyanja ya Malawi mulinso mchitidwe woipa woti nsomba zikasowa, mkazi wofuna kupikula amauzidwa kuti ayambe wagona ndi mwini nsombazo. Mtsikana wotumidwa ndi makolo ake kukagula nsomba m'bandakucha angathe kugwa m'msampha umenewu.

Taganizani za mtsikana wa sitandade 7 amene bambo ake ali ku Joni ndipo papita miyezi osatumiza kanthu. Alibe sopo, alibe mafuta odzola, ndipo masiku a msambo sapita kusukulu chifukwa alibe chovala chodzitetezera. Mwamuna wina wamkulu amamugulira sopo lero, mawa nsapato, mkuja foni. Mtsikanayo sangathe kumuuza munthu wotere kuti avale kondomu, pakuti wopereka ndiye amalamula. Amayi ake amaona nsapato zatsopanozo koma safunsa kumene zachokera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwamuna wamkulu wakhala akugonana ndi anthu ambiri kwa zaka zambiri, choncho mpata woti ali ndi kachirombo ndi waukulu kuposa wa mnyamata wa msinkhu wa mtsikanayo. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene atsikana a m'Malawi amatengera HIV mochuluka kuposa anyamata a zaka zofanana nawo.

Mafoni a m'manja ndi nyumba zoonetsera mavidiyo zawonjezera vuto lina. Zithunzi zolaula zimene ana amaonetsana ndi sewero la malonda chabe. Siziphunzitsa ulemu, sizionetsa mimba kapena matenda, ndipo mwana woziona asanalangizidwe amayesa kuti moyo umayenda chomwecho.

KUOPSA KWA KUBEREKA MSANGA

Kutha msinkhu si kukhwima. Chimanga chikangotulutsa ngayaye sindiye kuti chafika pokolola. Mtsikana akayamba kusamba, mafupa a m'chiuno mwake amakhala akukulabe kwa zaka zingapo. Akatenga pakati pa nthawi imeneyi akhoza kukumana ndi mavuto awa:

Choyamba, kuchepa kwa magazi. Thupi la mtsikana likufuna chakudya choti likulire, ndipo mwana wa m'mimba akufunanso chomwecho. Ku Nkhata Bay, kumene kumagwa mvula yambiri ndipo udzudzu susowa, malungo amawonjezera vutoli, pakuti amagwira mwamphamvu mayi wa pakati poyamba.

Chachiwiri, kuthamanga kwa magazi. Mtsikana amatupa nkhope ndi manja, mutu umamupweteka, maso amachita chidima, ndipo akhoza kukomoka ndi kuphupha ngati wakhunyu. Matendawa amapha mayi ndi mwana yemwe akapanda kufika kuchipatala msanga.

Chachitatu, kulephera kubereka. Mutu wa mwana ukakanika kudutsa, matenda amatenga tsiku lonse kapena masiku awiri. Mutuwo umapanikiza minofu mpaka kubowola njira ya pakati pa chikhodzodzo ndi njira ya mwana. Awa ndi matenda a fisitula. Mwana nthawi zambiri amafa, ndipo mtsikana amatsala akungotuluka mkodzo usana ndi usiku, anthu n'kumamusala. Matendawa amachizika ndi opaleshoni, monga imene imachitika pa chipatala cha Bwaila ku Lilongwe, koma kupewa kumaposa kuchiza. Ngozi imeneyi ndi yaikulu kwa atsikana a kumadera monga Usisya ndi Ruarwe, kumene ulendo wopita ku chipatala chachikulu ndi wa pa bwato kapena wodutsa m'mapiri.

Chachinayi, ana obadwa kwa atsikana aang'ono kawirikawiri amabadwa masiku asanakwane kapena ali onyentchera, ndipo ena amamwalira m'mwezi woyamba.

Chachisanu, kuchotsa mimba mobisa. Mtsikana woopa makolo ndi aphunzitsi amamwa zitsamba, mankhwala ochuluka, kapena kudzibaya ndi kamtengo ka chinangwa. Zotsatira zake ndi kutaya magazi, kuola kwa chiberekero, kusaberekanso, ngakhale imfa imene. Mtsikana aliyense amene akutaya magazi kapena kutentha thupi mimba itachoka athamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo. Kukalipa kudikire, moyo sudikira.

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la World Health Organization limanena kuti mavuto a pakati ndi a pobereka ali m'gulu la zinthu zimene zimapha kwambiri atsikana a zaka 15 mpaka 19.

MATENDA OPATSIRANA POGONANA

Munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'Malawi anapezeka mu 1985. Kuyambira mu 2004 mankhwala otalikitsa moyo a ma ARV anayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma, ndipo anthu ambiri amene akanafa ali moyo ndi kugwira ntchito. Koma mankhwalawa sachotsa kachirombo m'thupi. Amamwedwa moyo wonse. Kafukufuku wa m'zaka za 2020 ndi 2021 anapeza kuti anthu pafupifupi 9 mwa 100 a zaka 15 kupita m'tsogolo anali ndi HIV. Achinyamata a lero sanaone maliro ochuluka a m'zaka za m'ma 1990, ndiye ena amayesa kuti nkhondo inatha. Sinathe.

Kuwonjezera pa HIV pali chinzonono, chindoko, mabomu ndi njerewere za kumalo obisika. Zizindikiro zake ndi mafinya, kumva kuwotcha pokodza, zilonda, zotupa m'mphechepeche, chikazi chonunkha ndi kupweteka m'munsi mwa mchombo. Atsikana ambiri amakhala ndi matendawa popanda chizindikiro chilichonse. Chilonda cha chindoko sichipweteka ndipo chimapola chokha, koma matendawo amatsala m'magazi ndipo angathe kupha mwana ali m'mimba. Wodwala asagule makapisozi pa msika. Apite kuchipatala, amalize mankhwala onse, ndipo bwenzi lake lilandirenso chithandizo, apo ayi adzapatsirananso.

Anthu a m'mbali mwa nyanja ayenera kudziwanso za likodzo. Tizilombo ta likodzo timachokera mu nkhono za m'madzi ndipo timalowa pakhungu munthu akamasamba, kuchapa kapena kuwedza. Mnyamata wokodza magazi sindiye kuti wakula. Akudwala ndipo afunika mankhwala. Kwa atsikana likodzo lingathe kuyambitsa tizilonda m'njira ya chiberekero, kuyabwa ndi kutuluka magazi, ngakhale mtsikanayo sanagonepo ndi mwamuna. Makolo asafulumire kuweruza mwana wodandaula zotere. Amutengere kuchipatala kuti akamuyeze, pakuti likodzo limachizika ndi mapiritsi.

Khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi ambiri m'Malawi, ndipo imayamba ndi kachirombo ka HPV kamene kamafala pogonana. Mu Januwale 2019 boma linayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9 m'dziko lonse, litamuyesa kaye ku Rumphi ndi ku Zomba kuyambira mu 2013. Katemerayu amagwira bwino ntchito akaperekedwa mtsikana asanayambe kugonana. Satseka kubereka monga ena amanenera.

KODI KUPHUNZITSA ANA ZIMENEZI SIKUWAONONGA?

Makolo ambiri, atsogoleri a mipingo ndi mafumu ena ali ndi nkhawa yakuti kulankhula ndi ana za kugonana kuli ngati kuwatsegulira chitseko. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, pakuti imachokera m'chikondi. Koma bungwe la UNESCO, litasonkhanitsa zofufuza za m'mayiko ambiri mu 2009 ndiponso mu 2018, linapeza kuti maphunziro oyenera sachititsa ana kuyamba kugonana msanga. M'malo mwake ana ophunzitsidwa bwino amachedwa kuyamba, amachepetsa zibwenzi, ndipo amene anayamba kale amadziteteza.

Mwana wa kunyanja amaphunzitsidwa kusambira ali wamng'ono, amauzidwa za mphepo ya mwera ndi malo okhala ng'ona. Palibe kholo limene limati kumuuza za mwera ndiko kumutuma kuti akamire. Nkhani ya thupi ili chimodzimodzi.

M'sukulu za m'Malawi nkhanizi zimaphunzitsidwa m'phunziro la Life Skills, limene linayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Mu Disembala 2013 nduna za maphunziro ndi zaumoyo za mayiko 20 a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, kuphatikizapo Malawi, zinagwirizana mu mzinda wa Cape Town kuti achinyamata aziphunzitsidwa zoona zokhudza matupi awo molingana ndi msinkhu wawo. Komabe mphunzitsi yekha sangathe. Ena amachita manyazi n'kudumpha mitu ina, makalasi ndi odzaza, ndipo mwana amene anasiya sukulu samva chilichonse. Mawu omveka bwino kwa mwana ndi a m'chinenero chake, Chitonga kapena Chichewa, ochokera kwa munthu amene amamukhulupirira.

ZIMENE MALAMULO AKUNENA

Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lakuti munthu asalowe m'banja asanakwanitse zaka 18. Mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo makolo sangathenso kuvomereza ukwati wake. Munthu wamkulu wogonana ndi mwana wapalamula mlandu waukulu, ngakhale atanena kuti mwanayo anavomera. Milandu yotere siyoyenera kuthera pa bwalo la mudzi ndi mbuzi kapena ndalama. Iyenera kupita kupolisi, ku nthambi yothandiza ozunzidwa, ndipo nambala ya foni ya 116 ndi yaulere kwa aliyense wofuna kunena za nkhanza yochitikira mwana.

Kuyambira mu 1993 boma limalola mtsikana amene anatenga pakati kubwerera kusukulu akabereka. Makolo ambiri sadziwa zimenezi, ndipo amathamangira kumupereka kwa mwini mimba. Kumeneko ndi kuwonjezera bala pa bala. Mtsikana wokwatiwa ali ndi zaka 15 amabereka wachiwiri thupi lisanabwerere, pamene wobwerera kusukulu amakhala ndi mwayi wodzisamala yekha ndi mwana wake. Magulu a amayi oyang'anira atsikana pa sukulu, mafumu ndi aphunzitsi aakulu angathe kuthandiza kuti mwanayo alandiridwenso.

THANDIZO LIMENE LILIPO KUCHIPATALA

Mu 2007 Unduna wa Zaumoyo unakhazikitsa ndondomeko yakuti achinyamata a zaka 10 mpaka 24 azilandiridwa bwino m'zipatala, mwaulemu ndi mosunga chinsinsi. Pa chipatala chachikulu cha boma ku Mkondezi, pa chipatala cha Chintheche, m'zipatala zing'onozing'ono ndiponso kwa alangizi a zaumoyo a m'midzi, wachinyamata angathe kufunsa za zinthu izi:

1. Malangizo a kutha msinkhu, ukhondo wa pa nthawi ya msambo ndi njira zokanira chibwenzi chokakamiza.

2. Kuyezetsa magazi. Lamulo la mu 2018 limalola munthu wa zaka 13 kupita m'tsogolo kuyezetsa HIV mwa kufuna kwake.

3. Makondomu ndi njira zolera kwa amene anayamba kale kugonana, monga mapiritsi, jakisoni ndi timachubu toika pamkono. Namwino amafotokoza ubwino ndi zovuta za njira iliyonse.

4. Chithandizo cha matenda opatsirana pogonana, ndi mdulidwe wa abambo wa kuchipatala, umene umachepetsa mpata wotenga HIV koma suteteza kotheratu.

5. Chithandizo cha wogwiriridwa. Wogwiriridwa afike kuchipatala pasanathe maola 72, ndiwo masiku atatu, kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV ndi mapiritsi oteteza mimba. Kufulumira ndiko kofunika. Wolakwa ndi wogwirirayo, osati mwanayo.

6. Sikelo ya amayi apakati. Mtsikana wa pakati ayambe sikelo m'miyezi itatu yoyamba, alandire mankhwala owonjezera magazi, oteteza malungo ndi masikito, ndipo akachilire kuchipatala. Wokhala kutali apite kuchidikiro masiku asanakwane.

Pali ana ena amene anabadwa ndi kachirombo ka HIV ndipo tsopano ndi anyamata ndi atsikana. Iwowa sanalakwe kanthu. Akamamwa mankhwala mokhulupirika amakhala athanzi, ndipo angathe kudzakhala pa banja ndi kubereka ana opanda kachirombo. M'zipatala zambiri muli magulu awo otchedwa Teen Club, m'mene amalimbikitsana.

UDINDO WA MAKOLO NDI AKULUAKULU

Kuwongola mtengo n'poyamba. Kholo lisadikire kuti mwana afike potha msinkhu. Mwana wa zaka zisanu angathe kuuzidwa kuti malo obisika a thupi lake ndi ake yekha, ndipo wina akawagwira anene msanga. Wa zaka zisanu ndi zinayi kapena khumi auzidwe za msambo ndi kusintha kwa thupi. Wa zaka 13 auzidwe poyera za mimba, matenda ndi ubwino wodziletsa, umene uli njira yotsimikizika kuposa zonse.

Kholo limene lilime limalemera lisankhe munthu wodalirika, azakhali, amalume, mlangizi wa mpingo kapena namwino, ndipo limuuze mwanayo kuti akhoza kupita kwa ameneyo nthawi iliyonse. Mwana akafunsa funso lochititsa manyazi asamenyedwe, pakuti womenyedwa lero sadzafunsanso mawa. Katundu wachilendo akaoneka m'nyumba, kholo lifunse kumene wachokera. Atsikana asatumidwe okha kunyanja usiku, ndipo pa nyengo ya magule monga chilimika ndi malipenga, pamene achinyamata amayenda mtunda wautali, pakhale akuluakulu owaperekeza. Ngakhale pa umphawi, sopo ndi nsalu zoyera za msambo zikhale m'gulu la zinthu zoyamba kugulidwa.

Anyamata asaiwalidwe. Mimba ili ndi eni ake awiri. Mnyamata aphunzitsidwe kuti umuna weniweni ndiwo kudzigwira, kulemekeza mlongo wa mnzake monga wake yemwe, ndi kumaliza sukulu. Iye amaphunzira zambiri poona m'mene bambo ake amakhalira ndi amayi ake kuposa pomva mawu.

Anthu a ku Nkhata Bay anadziwika ndi kukonda sukulu kuyambira pamene Dr Robert Laws ndi amishoni anzake anakhazikika ku Bandawe mu 1881, ndipo ana awo anakagwira ntchito zapamwamba m'mayiko ambiri. Mbiri imeneyi ingapitirire ngati atsikana ndi anyamata a lero afika pa msinkhu wa banja ali amoyo, athanzi ndi ophunzira. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Wowerenga nkhaniyi pa sikelo kapena pa mzere wodikira dokotala akaifotokozere anzake kumudzi, ndipo amene ali ndi funso aonane ndi namwino kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake.